Musanagule mankhwala, yang'anani zitosi, madzi ndi utuchi

Achimwene, mwati mabuloyila anu ali ndi masabata atatu, utuchi ukunyowa msanga, m'zitosi mukuoneka timibulu ta chakudya chosagayika, ndipo nkhuku zina zikupinimbira pamene zinzake zikukula. Funso lanu n'lakuti mugule antibayotiki uti. Ndikupemphani kuti mudikire kaye. Zimene mwafotokozazi zikusonyeza kuti matumbo avulala, koma zovulaza matumbo n'zambiri, ndipo zingapo mwa izo antibayotiki sazikhudza n'komwe.

Nkhuku ilibe mano. Chakudya chimayamba chafewa m'chithokomiro, chimadutsa m'kamimba kotulutsa asidi, nthutumba n'kuchipera, kenako chimalowa m'matumbo aang'ono momwe thupi limayamwa zofunika. Ulendo wonsewu ndi wa maola ochepa chabe. M'kati mwa matumbomo muli timinofu tambirimbiri tooneka ngati tizala, ndipo ndi timeneti timayamwa chakudya. Tikanyuka kapena kufupika, nkhuku imadya ndithu, koma chakudyacho chimangodutsa. Poti chakudya chimatenga 60 mpaka 70 peresenti ya ndalama zonse zolerera mabuloyila, timibulu mukutionato ndi ndalama zanu zikugwera pa utuchi.

Yambani ndi zitosi. M'mawa muyale mapepala oyera malo angapo m'khola, pakatha ola mukaone. Chitosi chabwino chimakhala cholimbako, chili ndi kachipewa koyera pamwamba. Mudzaonanso zina zofiirira, zomata, zonunkha kwambiri. Zimenezo zimachokera m'timatumba tiwiri ta kumapeto kwa matumbo, zimatuluka kangapo patsiku, ndipo si matenda. Alimi ambiri amathamangira mankhwala chifukwa cha zitosi zimenezi pachabe. Zodetsa nkhawa ndi zamagazi, zonanda zofiirira ngati lalanje, zathovu lambiri, ndi zamadzi okhaokha.

Pa msinkhu wa nkhuku zanuwo, ine ndingaganizire poyamba matenda a m'matumbo otchedwa coccidiosis. Matendawa amayambitsidwa ndi tizilombo ta Eimeria, tomwe si mabakiteriya, ndipo amakonda kugwira nkhuku za masabata atatu mpaka asanu ndi limodzi. Mazira a tizilomboti amatuluka ndi zitosi, amakhwima m'tsiku limodzi kapena awiri pa utuchi wonyowa ndi wofunda, nkhuku n'kuwatolanso. Anthu amadikira kuona magazi, koma mtundu umodzi wotchedwa Eimeria tenella ndi umene umadziwika kwambiri ndi magaziwo. Mitundu ina imadya matumbo mwakachetechete, nkhuku n'kumangopinimbira. Mankhwala ake ndi monga amprolium kapena toltrazuril, osati maantibayotiki wamba. Choopsa china n'chakuti khoma la matumbo likang'ambika, bakiteriya wotchedwa Clostridium perfringens, yemwe amakhala kale m'matumbomo, amachulukana n'kuyambitsa necrotic enteritis, matenda owoletsa matumbo. Apa nkhuku zimafa mwadzidzidzi, ndipo apa ndi pomwe antibayotiki amafunikadi.

Matenda awiriwa simungawasiyanitse bwino ndi maso muli pakhomo la khola. Tengani nkhuku zitatu kapena zinayi zofooka, zamoyo kapena zongofa kumene, mupite nazo kwa dokotala wa ziweto azitumbule. Malo amene matumbo avulala ndi maonekedwe a zilondazo amamuuza zambiri m'mphindi zochepa. Ndikuchonderera pa ichi chifukwa kulota matenda kumawononga ndalama zambiri kuposa kutaya nkhuku zinayi.

Pamene mukudikira dokotala, onani madzi. Nkhuku imamwa madzi olemera pafupifupi kawiri chakudya chimene yadya, choncho chilichonse choipa chili m'madzimo chimalowa m'matumbo tsiku lonse. Pisani chala m'chomwera kapena m'paipi. Mukamva kuterera, ndiye kuti mabakiteriya amanga pamenepo, makamaka ngati mwakhala mukuthira mavitamini kapena shuga. Tsukani zomwera tsiku lililonse, ndipo madzi a pachitsime kapena m'thanki muziwathira klorini pa mlingo umene walembedwa. Kumbukirani kokha kusiya klorini pa nthawi ya katemera wa m'madzi, chifukwa amapha katemerayo.

Chakudya nachonso chifufuzeni. Nunkhizani thumba, tapani pansi penipeni. Chikakhala chogwirana kapena chafungo la chuku, chichotseni. Chuku cha m'chimanga ndi mtedza chimatulutsa poizoni wa aflatoxin yemwe amawononga chiwindi ndi kufooketsa chitetezo cha thupi, ndipo palibe mankhwala omwe angachiritse nkhuku ikadali kudya chomwecho. Ngati mumasakaniza nokha, mafunso anga ndi atatu. Soya mumamukazinga mokwanira? Wosapsa ali ndi zinthu zolepheretsa thupi kugaya mapuloteni. Mchere simukupyoza? Ukachuluka nkhuku zimamwa kwambiri n'kumatsegula m'mimba. Nanga simukugaya chakudya mpaka kukhala ufa wosalala? Nthutumba imafuna timibulu toti izipera. Ikasowa ntchito imafooka, chakudya n'kumathamanga chisanagayike. Komanso sabata yachitatu ndi pafupi ndi nthawi imene ambiri amasintha chakudya kuchoka ku starter (cha anapiye) kupita ku grower (cha nkhuku zokulirapo). Ngati munasintha tsiku limodzi, chimenecho pachokha chingasokoneze matumbo. Muzisakaniza chakale ndi chatsopano kwa masiku atatu.

Utuchi wonyowawo ndi chizindikiro, koma umabwezanso matendawo kwa nkhuku. Fumbatani dzanja limodzi. Wabwino umagwirana pang'ono n'kumwazika mukatambasula dzanja. Ukakhala chibuma, wanyowa kwambiri. Chotsani wa mozungulira zomwera lero lomwe, thirani wouma, kwezani zomwera zifike pa msana wa nkhuku, ndipo tsegulani makatani mpweya uziyenda. Gwadani mutu ufike pomwe nkhuku zimapumira. Maso akayamba kuwawa ndi ammonia, mpweya wochokera ku zitosi, nkhuku zanu zakhala zikupuma zimenezo usana ndi usiku.

Pa maantibayotiki, maganizo anga ndi awa. M'matumbo a nkhuku yathanzi muli mabakiteriya abwino ochuluka omwe amatsekereza oipa. Mankhwala operekedwa mwachisawawa amapha onse, ndipo otsalawo amayamba kupirira mankhwalawo, mwa nkhuku ngakhalenso mwa anthu. N'chifukwa chake mayiko a European Union analetsa mu 2006 kuthira maantibayotiki m'chakudya pofuna kungokulitsa ziweto. Dokotala akakulemberani, malizani masiku onse, ndipo musagulitse nkhuku masiku odikira olembedwa pa paketi asanathe. Odya nkhukuzo ndi anthu okukhulupirirani. Ma probiotic, omwe ndi mabakiteriya abwino opatsa nkhuku, angathandize mukamaliza mankhwala, koma sangakonze khola lonyowa.

Gulu lotsatira mudzalisamale kuyambira tsiku loyamba, chifukwa matumbo amakula mofulumira kwambiri m'sabata yoyamba. Khola likhale lotsuka ndi lopanda nkhuku pafupifupi masiku 14, lifundiretu kufika madigiri 32 kapena 33 anapiye asanafike, chakudya ndi madzi zili pafupi. Pakatha maola 24, gwirani zithokomiro za anapiye angapo. Pa anapiye 100 alionse, osachepera 95 akhale ndi chithokomiro chodzadza ndi chofewa. Funsaninso ogulitsa chakudya ngati muli mankhwala oteteza ku coccidiosis, monga salinomycin kapena monensin, chifukwa si chakudya chilichonse chimakhala nawo.

Mukabwerako kwa dokotala, mutiuze zimene wapeza m'matumbomo, nkhuku zingati zafa sabata ino, ndi tsiku limene munasintha chakudya. Tikadziwa zimenezo tithandizana pa sitepe yotsatira.