Abwana akuti tikhale agile: kodi tisiye pulani?

Wandilembera imelo mnyamata wina amene akugwira nawo ntchito yokoka madzi a m'mipopi kuchokera m'phiri la Mulanje. Akuti abwana awo abwerako ku msonkhano ndi nyimbo yakuti "tikhale agile", ndiye akufunsa ngati ndiye kuti azingothamanga popanda pulani.

Ayi achimwene, si choncho. Mfundo za agile, kutanthauza kugwira ntchito mokonzeka kusintha msanga zinthu zikasintha, anazilemba akatswiri 17 a mapulogalamu a kompyuta atakumana ku Snowbird, ku Utah m'dziko la America, mu February 2001. Anali atatopa ndi ntchito zolemberatu zonse pachiyambi, kukhetsa thukuta zaka, pomaliza mwiniwake n'kunena kuti si zimene ankafuna. Pulani sanaikane. Anangoti zinthu zikasintha, kusintha nazo n'kofunika koposa kukakamira pepala. M'njira ya Scrum, imodzi mwa njira zotsatira mfundo za agile, gulu limadula ntchito m'zigawo zosapitirira mwezi, limakumana mphindi 15 tsiku lililonse, ndipo chigawo chikatha limaonetsa chinthu chogwiradi ntchito, osati lipoti.

Koma inu simupanga mapulogalamu, ndipo apa ndi pamene ndimadera nkhawa. Pulogalamu ikalakwika amaikonza usiku umodzi. Thanki ya simenti ikauma pamalo olakwika, ndalama zalowa m'madzi. Choncho malo a thanki, kutsetsereka kwa mtunda ndi kukula kwa paipi yaikulu, yezani mofatsa, wina asakufulumizitseni. Zosavuta kusintha ndizo muziyesa pang'onopang'ono. Malizani mudzi umodzi, tsegulani madzi, mulawirire m'mamawa kukaima pampopi. Onani mzere wa ndowa, muone ngati madzi akungodontha pamene amayi onse atulukira nthawi imodzi, mumve zimene akudandaula. Zimenezo zikonzeni musanakumbe ngalande ya mudzi wachiwiri.

Chinanso chimene ambiri amaiwala n'chakuti chomangidwacho chiyeneranso kulola kusintha. Namondwe wa Freddy mu March 2023 anakokolola mapaipi ndi milatho kuno tikuona. Ikani mavavu, zotsekera madzi, pa nthambi iliyonse kuti mbali ina ikaduka, midzi ina izimwabe. Gwiritsani mapaipi a saizi yopezeka m'mashopu wamba, ndipo a komiti ya madzi aphunzire kulumikiza okha.

Lolemba mukawafunse abwanawo mwaulemu: anthu akapempha kuti mpopi usunthidwe, ndani ali ndi mphamvu yovomera, ndipo zitenga masiku angati? Ngati yankho ndi kudikira kalata yochokera ku likulu miyezi, muwapemphe kuti ayambe kukonza pamenepo.