Physiology kapena molecular biology? Yankho kwa mlongo amene wandilembera

Mlongo wina amene wangomaliza digiri ya zaulimi wanditumizira imelo. Akufuna kuchita Masters, koma mutu waima: atenge plant physiology (maphunziro a mmene thupi la mbewu limagwirira ntchito) kapena molecular biology (maphunziro a majini, tizidutswa ta DNA tolamulira chibadwa cha zamoyo), poti anzake akuti tsogolo lili ku "za DNA"?

Achemwali, dzina la kosi lisakuzunguzeni. Yambani mwapeza funso lokusowetsani tulo.

Taonani kaufiti, uja wa maluwa ofiira amene amapinimbiritsa chimanga m'minda yoguga. Njere zake n'zazing'ono ngati fumbi, ndipo zimatha kugona m'nthaka zaka zoposa 10 osamera. Zimadikira kuti mizu ya chimanga kapena mapira itulutse timadzi totchedwa strigolactones. Zikatimva zimamera, n'kudziphatika pamuzu, n'kuyamba kuyamwa. Strigol, woyamba mwa timadziti, anapezeka mu 1966 kuchokera ku mizu ya thonje. Mu 2008 m'pamene zinadziwika kuti mbewu imagwiritsanso ntchito timadzi tomweti poletsa nthambi kuphuka mwachisawawa. Nthaka ikasowa phosphorus, mchere umodzi mwa ija yopezeka mu feteleza, mizu imatulutsa tochuluka, n'chifukwa chake kaufiti amakakamira munda wa mlimi wopanda feteleza. Zimenezi zimandipweteka mtima. Zonsezi ndi physiology.

Ndiye mu 2017, gulu la Gebisa Ejeta wa ku Ethiopia, pa Purdue University ku America, linafalitsa za jini ya mapira yotchedwa LGS1. Ikasintha, muzu umatulutsa timadzi ta mtundu wina tosadzutsa kwenikweni njere za kaufiti. Iyo ndi molecular biology, koma akanadziwa bwanji jini yoti aisake pakanapanda amene anayamba kuyeza za mizu?

Chimene ndikukulangizani n'chakuti musankhe mphunzitsi wokuyang'anirani musanasankhe sukulu. Werengani zimene walemba zaka zisanu zapitazi, ndipo muwafunse ophunzira ake ngati amawerenga ntchito yawo pa nthawi yake. Labu muione ndi maso anu. Makina a PCR, aja ochulukitsa tizidutswa ta DNA, akuyenda? Magetsi akathima, filiza imene mwasungamo RNA yanu (yonyamula uthenga wa majini m'maselo) ili ndi jenereta? RNA sichedwa kuwonongeka, ndipo usiku umodzi ungakudyereni ntchito ya miyezi itatu.

Kuno kwathu yambirani ku Bunda, ku LUANAR, ndi kumalo ofufuzira zaulimi a ku Chitedze. Za ndalama, muziona zimene RUFORUM, bungwe la mayunivesite a mu Africa pa maphunziro a zaulimi, imalengeza. Mukadzafika pa PhD, onani malo ophunzitsira a WACCI ku University of Ghana ndi ACCI ku University of KwaZulu-Natal ku South Africa, ngakhale onsewa amatsamira pa kupanga mbewu zatsopano. Pakadali pano nditumizireni funso lanulo m'mizere itatu, tilikonze limodzi.