Za buku lanu la ku Joni lija achimwene

Achimwene mwati mukulemba novel ya mnyamata wa ku Mangochi amene wabwera ku Joni kuno kudzasaka, koma aliyense amene mwamupatsa akumangoti "zili bho" kenako osamaliza, ndiye mukufunsa chimene chimagwira mtima m'buku mpaka munthu kupsereza ndiwo pamoto. Ine si mlembi ayi, ndimangowerenga kwambiri makamaka mu tekisi kuchokera pa Bree popita kuntchito, ndiye ndiyankha ngati wowerenga basi.

Machaputala awiri munatumiza aja ndawerenga. Chichewa chanu ndi chokoma, koma mnyamata wanuyo sakufuna kanthu. Akuvutika inde, njala, apolisi kumufunsa mapepala, bwana kumuzemba pa malipiro, koma zimenezo tonse kuno tinaziona ndiye sizitidzidzimutsa. Mpatseni chinthu chimodzi chomusowetsa tulo. Kaya malata 30 oti afolere nyumba ya mayi ake mvula isanagwe mu Novembala, ndiye randi iliyonse imene wapeza ife tiziwerengera naye limodzi, tsiku limene watengeka n'kukagula nsapato zodula ku Small Street ife mtima uzipweteka kuti aise malata aja bwanji. Munthu amatsegula tsamba lina chifukwa akufuna adziwe ngati nyumba ija ifoleredwe.

Ndiye pali ka chizolowezi kanu kolemba kuti "anali ndi chisoni chachikulu", ndakawerenga kanayi konse. Musatiuze, tizione tokha. Mwezi watha ndinali pa Park Station kutumiza katundu, pambali panga panali mayi wina akulongedza chikwama cha tchaina chopita ku Blantyre, shuga, mafuta ophikira, bulangete, kenako anatulutsa tinsapato ta sukulu ndi kachingwe m'thumba la jekete n'kuyeza kunsi kwa nsapatoyo. Kachingweko anachita kumutumizira kuchokera kumudzi, ndi muyezo wa phazi la mwana wake, iye sakudziwanso kuti mwana akuvala saizi yanji. Sanalire ayi, anangomata chikwama ndi selotepi n'kuyamba kukangana mtengo ndi wa thiransipoti. Ine mpaka lero kachingwe kaja sikachoka m'mutu. Zoterezi ndi zimene zikusowa m'buku lanu, ndipo simufunika kuzipeka, mukangokhala pa Park Station Loweruka limodzi mudzaza kope.

Ganiziraninso zoikamo agogo ake a mnyamatayo. Ulendo wa ku Joni sunayambe ndi ife, madala ankabwera kumigodi kudzera ku Wenela, bungwe lija linkalemba anthu ntchito za kumigodi, mpaka mu 1974 ndege itagwa ku Francistown ku Botswana n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kumudzi, Kamuzu analetsa zoti anthu azilembedwa. Tangoganizani gogo amene anaona zimenezo akutsanzikana ndi mdzukulu wake pa depoti, ndi mawu ochepa chabe, mwina kungomupatsa malangizo achikale amene sagwiranso ntchito. Pamenepo owerenga aseka koma pakhosi pali chinthu.

Kuseka kumeneko musakuiwale, chifukwa buku la maliro okhaokha limatopetsa. Ife tomwe timagona anthu asanu m'chipinda chimodzi ku Mayfair koma nthabwala zake mpaka nthiti kuwawa. Ndipo anthu anu aziyankhula ngati anthu. Mnyamata wa ku Mangochi akakwiya Chiyao chimatuluka, akakhala miyezi itatu kuno wayamba kale "eish" ndi "sharp sharp", koma wanuyu akuyankhula ngati akulalikira pa guwa. Bwana ujanso mwamuipitsa kwambiri, mpatseni tsiku limodzi loti amugulire mnyamatayo mankhwala atadwala, kuti pamene akudzamubera malipiro zipweteke zenizeni.

Phunziro la kumapeto kwa chaputala chilichonse lija chotsani, sitili mkalasi ya Chichewa yoti aphunzitsi afunse kuti nthanoyi ikutiphunzitsa chiyani.

Ndikanakhala ine masamba asanu oyamba ofotokoza mbiri ya banja aja ndikanawadula, n'kuyambira pa boda ya Beitbridge usiku, ali pamzere, pasipoti m'manja ndalama zili mu sokosi. Mukakonza nditumizireni chaputala chachitatu, Lamlungu ndili pa ofu.