Lenzi yaifupi kapena yaitali? Yankho kwa amene mwandilembera

Mwati ndalama yanu ikukwana lenzi imodzi yokha, ndipo mwaima njakata pakati pa yaifupi ya 24mm, yoona malo otambalala, ndi yaitali ya 70-200mm, yokokera zakutali pafupi. Funso lanuli landigunda pachilonda.

Ine ndinayamba ndi yaitali. Anzanga ndinkawauza kuti ndimaikonda chifukwa imasungunula zakumbuyo, munthu n'kutsala yekha akuoneka bwinobwino. Koma zoona zake n'zakuti ndinkachita manyazi kuyandikira anthu. Pa 200mm kamera imaona kachigawo ka madigiri 12 okha, ndiye ndinkaima chapatali n'kumaba nkhope eniake osadziwa.

Agogo anga aakazi ndinawajambula choncho kwa zaka ziwiri. Atatisiya ndinatsegula zithunzi zonse usiku umodzi. Zinali zakuthwa ndithu, koma panalibe ngakhale chimodzi chimene akundiyang'ana. Chimene ndinapachika pakhoma n'cha pafoni: tinakhala moyandikana mawondo kugundana, dzanja lawo lamakwinya litagwira mkono wanga, kuwala kwa pazenera kukugwera pampando wawo wakale uja. Kamera yaikulu ya mafoni ambiri imaona ngati lenzi yaifupi, cha pa 24 mpaka 26mm. Mpaka lero ndimamva chisoni ndi zaka ziwirizo.

Pali bodza lina limene limandinyansa, lakuti lenzi yaifupi imatupitsa mphuno. Ayi, wolakwa ndi mtunda umene mwaima. Mukafika pafupi kwambiri, mphuno imayandikira kamera kuposa makutu, ndiye imakula. Bwererani mamita atatu, jambulani ndi 24mm yomweyo, kenako dulani chithunzicho pakompyuta. Nkhope ifanana ndi imene 85mm ikanatulutsa mutaima pomwepo.

Yaitali imakulitsanso kunjenjemera kwa manja. Pa 200mm shutter (kachitseko kolowetsa kuwala m'kamera) isachedwe kuposa 1/200 ya sekondi, apo ayi zithunzi zituluka zachimbuuzi. Ndiye kulemera kwake! Ma 70-200mm ambiri a f/2.8 (olowetsa kuwala kochuluka) amapitirira kilogalamu imodzi, ndipo yanga inkatsalira m'chikwama masiku ambiri chifukwa khosi linkawawa.

Nanga mugule iti?

Ngati mtima wanu uli pa mbalame, nyama zakutchire kapena mpira, zinthu zimene simungaziyandikire, tengani yaitali mosazengereza. Ngati uli pa anthu anu, nyumba ndi misewu, tengani yaifupi. Onaninso sensa ya kamera yanu (kachipangizo kolandira chithunzi m'kati mwake): ngati ndi yocheperako yotchedwa APS-C chulukitsani nambala ya lenzi ndi 1.5 (pa makamera a Canon ndi 1.6), choncho 24mm idzaona ngati 36mm. Imeneyo imakwana bwino munthu ndi chipinda chimene wakhalamo.