Kwa asisi ofuna kuyendetsa makolo: yesani ku Luangwa, koma nthawi yozizira

Asisi, ndaona funso lanu loti mufuna kutenga makolo ndi ana mukapumuleko kunja kwa Lusaka masiku ochepa, malo a m'mbali mwa mtsinje, koyenda pansi kosakwera mapiri poti atate anu mawondo anayamba kuvuta, komanso akuluwo amakonda kuona matchalitchi akale. Ambiri mu gulu muno akuti Livingstone, ena Siavonga. Sindikutsutsa ayi, malo abwino onsewo, koma zimene mwafunsazo mtsinje, kumudzi, tchalitchi chakale, njira yosakwera, zonse pamodzi zili ku Luangwa boma, kuja akuluakulu amati ku Feira, ndipo ndi mu Lusaka Province momwe muno, anthu timangodutsa pa Luangwa Bridge kuthamangira ku Chipata osadziwa kuti kumanja kuja kuli dziko.

Choyamba ndi nthawi, chifukwa mukalakwitsa apa ulendo onse waonongeka. Pitani June kapena July, mwina kuchiyambi kwa August. October musayese n'komwe. Lusaka ili pamtunda, pafupifupi mamita 1,280, pamene kuja kumene Luangwa amathira mu Zambezi ndiye malo otsikitsitsa mu Zambia monse, mamita 300 ndi kena chabe, ndiye mukutsika pafupi kilomita yathunthu kulowa m'chigwa, kutentha kwake October ndi November kumadutsa madigiri 40 ndipo usiku sikuzizira, munthu wamkulu wa BP mungomuzunza. Nthawi ya mvula nakonso tinjira ta m'midzi timaterera, udzu wautali, udzudzu ndiye osanena. Koma June uja ife kuno tikunjenjemera ndi majuzi awiri, kuja kumakhala kofunda bwinobwino, m'mawa kamphepo pang'ono, mtsinje watsika mchenga waonekera.

Musanapite kutali, yesani kaye atate pafupi. Loweruka lina apititseni ku Kasisi, kuseri kwa airport uko. Mishoni imeneija anayambitsa ndi Bambo Jules Torrend, m'Jesuit wa ku France, mu 1905, chaka chomwenso mishoni ya Chikuni ya ku Monze inayamba, kutanthauza kuti Kasisi inalipo Lusaka asanakhale likulu, paja likulu linachoka ku Livingstone kubwera kuno mu 1935. Malo ndi athyathyathya, mitengo yamthunzi, mukhoza kuyenda pang'onopang'ono kuchoka pa tchalitchi kuzungulira mishoni n'kubwerera. Masisitere a ku Poland anafika kumeneko mu 1928 ndipo mpaka lero ndi amene amasamala ana amasiye. Ndi komwenso Adam Kozłowiecki anagwira nchito atabwera mu 1946, munthu amene anapulumuka ku ndende za a Nazi za Auschwitz ndi Dachau, kenako anakhala Archbishop woyamba wa Lusaka mu 1959, mu 1969 n'kutula udindo kuti mwana wa dziko lino alowe, ndiye analowa a Milingo. Ngati atate ndi a Katolika dzina limeneli alidziwa, mungowayambitsa nkhani muone. Akayenda ola limodzi pa Kasisi osadandaula bondo ndiye kuti Luangwa akwanitsa.

Manje ulendo weniweni. Great East Road, kudutsa Chongwe, thirani mafuta full pomwepo musadalire za kutsogolo. Pa Chinyunyu pali madzi otentha otuluka pansi pafupi ndi msewu, ana asangalala koma muwagwire dzanja, pamene amatulukira madziwo amawotcha zenizeni. Kenako Rufunsa, kenako mapiri ndi makona a Manenekela aja, oyendetsa asathamange, ma truck amatsika ndi mabuleki otentha. Kuchoka Lusaka kufika pa Luangwa Bridge ndi makilomita 230 kapena kuposerapo pang'ono. Bridge ilipoyi ndi ya 1968, pali asilikali ndiye za kujambula funsani kaye musangotulutsa foni.

Pa msika wa pa bridge imani ndithu. Nsomba zouma zili mulu mulu pa matebulo, zina zokazinga pomwepo mafuta akuthetheka, madengu ndi mphasa ndi zipewa za mlaza zopachikidwa mpaka pamwamba, azimayi akuthamangira basi iliyonse yaima ndi mabeseni pamutu. Gulani zipewa pamenepo, aliyense chake, zikuthandizani mawa lake kuposa kapu ya m'tauni. Ndipo July ndi nyengo ya masau, timbale todzaza, ena ofiira ouma okwinyika ena akadali achikasu, owawasa pang'ono, ana ayamba ndi kukwinya nkhope kenako simuwalandanso. Akulu a kumeneko masau omwewo amatchezera kachasu, koma zimenezo pa ulendo wa matchalitchi tisazitchule kwambiri kkkk.

Musanawoloke bridge pali msewu wokhotera kumanja, umenewo ndiye wa ku boma, makilomita pafupifupi 90 kutsata mtsinje kumwera. Kale unali wafumbi woswa motoka, anauika tara nthawi ya pulogalamu ya misewu ya Link Zambia 8000 ija inayamba mu 2012. Tsidya la mtsinje mukuliona kumanzere kwanu ndi Mozambique kale. Osayenda msewu umenewu usiku, mbuzi, njinga zopanda magetsi, komanso njobvu zimadutsa kupita kukamwa madzi. Ngati mulibe motoka yanu, mabasi a ku Chipata ochokera pa siteshoni ya Intercity amakutsitsani pa bridge ndiye mupeze ina yolowa mkati, koma kunena zoona ndi makolo okalamba ndi katundu kudikira padzuwa motoka idzaze si zabwino, bwerekani motoka kapena chitani hire.

Chapakati pa msewu umenewu ndi pamene pali Katondwe, ndipo apa ndi pamene ndingakonde mukhalitse. Nkhani yake ndi yoti ma Jesuit anali ndi mishoni yaikulu tsidya lija ku Miruru, m'dera la Zumbo ku Mozambique. Mu 1910 ku Portugal anachotsa mfumu, boma latsopano linadana ndi ma Jesuit n'kuwathamangitsa m'maiko onse amene linkalamulira, ndiye ansembe a ku Miruru anangowoloka Luangwa kubwera mbali ya Angelezi, n'kukhazikika ku Kapoche ndi ku Katondwe, akhristu ena n'kuwatsatira. Mu 1912 kunayamba kubwera ma Jesuit a ku Poland ndipo kwa zaka zambiri dera lonse ili mpaka Kasisi linali m'manja mwawo, n'chifukwa chake mukamva maina a ansembe akale a Lusaka ambiri ndi ovuta kutchula, a ma sz ndi ma cz. Ndiye Chikatolika cha mu Lusaka muno mbali ina chinalowera kuchigwa kuja, malo amene ife a m'tauni timawaona ngati kumathero a dziko. Lero pa Katondwe pali parishi, chipatala cha mishoni choyendetsedwa ndi masisitere, ndi sukulu ya atsikana ya sekondale.

Koma ndikuchenjezeni, musayembekeze zikwangwani zofotokoza mbiri, kapena munthu wa yunifomu wodikira alendo pa geti ndi risiti. Awa ndi malo amene anthu akupempherabe, akudwalirabe, ana akuphunzira. Mukafika pitani kaye ku nyumba ya ansembe kapena funsani akatekisiti, perekani moni bwinobwino, nenani kumene mwachokera ndi chimene mwadzera, amayi ndi inu chitenje m'chiuno, ndipo muona mmene anthu amatsegukira, wina akutengani kukuonetsani nyumba zakale, wina akuitanirani agogo amene anabatizidwa ndi ansembe a chiPolish akuuzeni okha. Imeneyo ndiye mbiri yeniyeni ya kumeneko, ili m'kamwa mwa anthu. Ine ndinganene kuti konzani kuti Sande ikupezeni komweko muchite nawo Misa, ngakhale muli a RCZ kapena a UCZ palibe akuthamangitseni. Chilankhulo musade nacho nkhawa, anthu ndi Achikunda a mfumu Mphuka ndi Ansenga a mfumu Mburuma, Chinyanja chathu chomwechi mumvana, mawu ena chabe ndi amene muzifunsa kawiri. Kachopereka konzani, ndipo amene wakuyendetsani musamusiye chimanjamanja. Za Kapoche funsani pa Katondwe pomwepo akuuzeni mmene njira ilili chaka chimenecho musanalowetse motoka yaing'ono.

Za kuyenda pansi, lamulo ndi limodzi, dzukani m'mamawa. 6 koloko muli panjira, 9 koloko mwabwerera muli pamthunzi mukumwa tiyi, madzulo mubwerezenso kuyambira cha m'ma 16 hours dzuwa likapepuka. Njira zake ndi zomwe anthu amayenda tsiku ndi tsiku, kuchoka pa mishoni kudutsa m'mudzi kupita ku madimba, pansi pa milambe ikuluikulu, mchenga ndi dothi louma, palibe chokwera, atate akatopa pali chitsa kapena wina atulutsa kampando. Makilomita awiri atatu akwana, musawerengere ma steps a pa foni. Nsapato zotseka chifukwa minga ndi yambiri, ya masau yomweyo ndi ya mitengo ina, patapata ayi. Ndodo ya atate ikhale nawo, mchenga umatopetsa bondo kuposa mmene munthu amaganizira. Madzi botolo lalikulu aliyense.

Ndipo musayende nokha, tengani munthu wa pamudzipo. Izi sindikunena mwamwambo chabe. Chigwa chimenechi chili pafupi ndi Lower Zambezi National Park, njobvu zimalowa m'minda, ndipo wa pamudzi amadziwa kuti usiku wathawu zinadutsa pati, amaona ndowe ndi mapazi n'kunena kuti lero tiyeni tidzere uku. Kumtsinje nako, Luangwa ndi mtsinje wa ng'ona ndi mvuu zambiri, chipatala cha Katondwe chimalandira anthu olumidwa ndi ng'ona, si nthano. Ndiye ana asaponde m'madzi ngakhale ofika m'kakolo, asatsuke manja m'mphepete, ngakhale muone ana a komweko akusamba, iwo akudziwa malo ake ndipo nawonso nthawi zina zimawaonekera. Mtsinje muuonere pamtunda pa gombe, kuoneka kwake n'komweko. Mvuu imatuluka usiku kukadya ndipo m'mamawa imabwerera kumadzi, kuipeza panjira yake muli pakati pa iyo ndi madzi ndiye ngozi yoopsa kuposa ng'ona, ichi ndi chifukwa china chotengera munthu wodziwa.

Tsiku lina likhale la ku boma. Tauni ndi yaing'ono, mukhoza kuizungulira wapansi, ndipo poyenda pabwino kwambiri ndi kutsikira ku doko kumene mitsinje iwiri ikumana. Mwaima mu Zambia, kutsidya kwa Luangwa ndi Zumbo ku Mozambique, kutsidya kwa Zambezi ndi Kanyemba ku Zimbabwe, maiko atatu mukuwaona osasuntha phazi, mabwato akuwoloka ndi matumba a nsomba ndi ufa ndi makreti. Apwitikizi anakhazikika pamenepa zaka za m'ma 1700 kuchita malonda a minyanga ndi golide, ndipo akapolo nawonso anadutsa pomwepa, nkhani imeneyi ana muwauze asangojambula ma selfie. David Livingstone anafika pamalo amenewa mu January 1856 akutsika ndi Zambezi, ali ndi mantha kuti anthu a Mburuma amuthira nkhondo powoloka, ndipo anapeza mabwinja a nyumba zamiyala, tchalitchi chogumuka ndi belu losweka lili pansi lolembedwa IHS. Tangoganizani, mu 1856 tchalitchi chinali kale bwinja, pamene Niamkolo ya ku Mpulungu imene timati ndiyo tchalitchi chamiyala chakale kwambiri chotsala mu Zambia inamangidwa cha m'ma 1895. Atate okonda mbiri apa muwasiye akhale pansi aone bwino, musawafulumize.

Wina mu gulu muno anena kuti wolokani mukaone Zumbo ndi mabwinja a Miruru. N'zotheka, koma ndi dziko lina, mufunika mapasipoti ndi kudinditsa ku immigration, ndipo kukweza nkhalamba ya bondo lovuta mu bwato logwedera ine sindingalimbikitse. Mukakwera bwato lililonse, ngakhale longozungulira pamadzi madzulo, funsani ma life jacket musanalipire, akati palibe bwererani. Foni nayo samalani, pafupi ndi malire imatha kugwira network ya tsidya n'kukudyerani talk time osadziwa, zimitsani roaming.

Ngati atate anali msilikali kapena amakumbukira nthawi ya nkhondo ya Rhodesia, kumtunda kwa Zambezi kuchoka pa boma kuli Kavalamanja, kumene asilikali a Ian Smith, mtsogoleri wa Rhodesia, anaukira mu March 1978 ndipo anthu amakumbukirabe chaka ndi chaka. Koma njira yake si ya motoka yotsika, ndiye ikhale ya ulendo wina.

Pogona, pa boma pali ma lodge ndi ma guest house angapo, imbani musananyamuke ndipo funsani zinthu zitatu, neti, fan, ndi madzi. Neti nyamulani yanu ndithu yapadera, malungo kuchigwa si masewera ngakhale mu June, ndipo wina akatentha thupi mutabwerera ku Lusaka mukayezetse msanga n'kuwauza a nurse kumene munali. Mankhwala a BP ndi a shuga a makolo tengani okwanira ndi otsalira. Ndalama tengani cash, mobile money ilipo koma network ikagwa mudzaima ndi nsomba m'manja. Masiku atatu akwana, Chisanu kunyamuka m'mawa kukagona ku boma, Chiweru doko ndi tauni, Sande Misa pa Katondwe popeza ili panjira yobwerera, mukatha kudya nyamukani kuti makona a Manenekela muwadutse kukadali kowala. Cooler box musaiwale, bream ya pa doko ndi yotchipa kuposa ya ku msika wa Soweto ndipo amayi akaiona sabwerera opanda.