Madala nsima ikuwakanirira pachifuwa, apite kukalowetsedwa kamera?

Mayi wina wa ku Chitakale wandilembera imelo yaitali, ndiifupikitse. Bambo awo a zaka za m'ma 70 anayamba ndi kulephera kumeza nyama, kenako nsima, pano angotsala pa phala ndipo aonda kwambiri. Pachipatala cha boma pa Mulanje awalembera kuti apite ku Gulupu akawaunike kum'mero ndi kamera, koma abale akukana, ati munthu wamkulu sangapirire paipi, ena akuti anachita kudyetsedwa. Ndiye akufunsa, apite kodi?

Achemwali, apite, ndipo mwezi uno osati mukagulitsa nandolo. Ukalamba siwoletsa zimenezi ayi, chimene chimavutitsa madokotala ndi munthu wobwera atafookeratu, madzi omwe asakudutsa.

Kuunika ndi kamera kumeneku, kotchedwa endoscopy, si opaleshoni, sang'amba paliponse. Madala akhala osadya maola 6 kapena kuposa, akafika amawapopera mankhwala a dzanzi kukhosi, amawagoneka chammbali kumanzere, nkuwapatsa kapulasitiki koluma kuti asatafune paipiyo, yomwe kunenepa kwake ndi ngati chala basi. Imadutsa njira ya chakudya osati ya mpweya ndiye munthu amapuma bwinobwino, kungoti poyamba amafuna kusanza, misozi imatuluka, koma mphindi 10 kapena 15 zatheka. Ngati ali ndi mano oikirira awachotse.

Zimene angapeze ndi zingapo. Pena m'mero umangochepa chifukwa cha chilungulira cha zaka zambiri, asidi wa m'mimba amawotcha mpaka pamapanga chipsera, apa amalowetsa kabaluni nkukafufumitsa kuti pakule, ndipo nthawi zambiri amafunika kubwereza. Pena ndi zilonda zoyera za fangasi, makamaka kwa amene chitetezo chatsika, izi mankhwala a fluconazole amathana nazo. Palinso achalasia, pamene khomo lolowera m'mimba limakana kutseguka, okalamba ofooka amatha kuwabaya botox, mankhwala ofewetsa minofu, pamenepo kudzera pa kamera yomweyo ngakhale mphamvu yake imatha pakapita miyezi.

Koma ndisakunamizeni. Mmene mwafotokozeramu, kuyamba ndi zolimba kenako zofewa komanso kuonda, chimene adokotala akufuna kuona msanga ndi khansa ya kum'mero, ndipo Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa imeneyi ndi yochuluka kwambiri padziko lonse. Sindikuti ndi imeneyo, chimene chinganene ndi kachidutswa ka mnofu kamene adokotala amatsina pamenepo nkukapima ku labu. Ikakhala yomweyo ndipo yakula, pali stent, kachubu ka tiwaya toluka kamene amakalowetsa katafinyika nkukamasula pamalo potsekekapo, kamatambasuka kokha nkutsegula njira. Sikachiza khansa ayi, izi abale muwauze poyera asadzati anatinamiza, koma munthu amene amalavula malovu mu chitini nthawi zambiri amayambanso kumwa thobwa ndi phala pakangopita tsiku limodzi kapena awiri, ndipo kwa ine chimenecho sichaching'ono. Mufunse ngati ma stent alipo nthawi imeneyo, komanso mufunse za a Tiyanjane pompo pa Gulupu, amene amathandiza za ululu ndi chisamaliro cha kunyumba.

Akaikidwa stent kadyedwe kamasintha. Nsima ikhale yofewa, timbamu ting'onoting'ono tonyowetsa bwino mu msuzi, kumwera madzi pafupipafupi, adye atakhala tsonga ndipo pogona mutu ukhale pokwera chifukwa asidi amabwerera mosavuta. Nyama ya mitsempha, buledi wouma, chinangwa chokazinga, chinanazi chathu chija chokhala ndi ulusi, izi ayi.

Pang'ono za tiyi poti kuno ndi kwawo. Mu 2016 bungwe lofufuza za khansa la IARC la pansi pa WHO linati zakumwa zotentha kupitirira madigiri 65 zikhoza kuyambitsa khansa imeneyi, ndiye chizolowezi chomwa tiyi kapena phala likuchita kufuka nthunzi tichepetse, fodya ndi kachasu ndiye osanena.

Popita mutenge buku lawo lakuchipatala, munthu wowaperekeza, ndipo ngati amamwa aspirin, warfarin kapena mankhwala a shuga muwauze adokotala tsiku lisanafike. Akayamba kutsamwa ndi madzi omwe, kapena malovu akukanika kumezeka, musadikirenso deti lomwe anakupatsani, pezani galimoto tsiku lomwelo.