Kodi kachilembo ka pa ndalama ya quarter kamatanthauzanji?

Funso: Akonzi, malemu malume anga, omwe anakhalako ku America, anasiya chitini cha ndalama zachitsulo zotchedwa quarter. Zina zili ndi kachilembo D, zina P, ndipo zina zilibe chilembo chilichonse. Ndamva kuti ya D ingagule galimoto. Kodi n'zoona? Wowerenga, Zomba.

Yankho: Pepani ndi imfa ya malume anu. Zimene mwamvazo ndi zokokomeza. Quarter ndi masenti 25 a dola ya ku America, ndipo kachilemboko kamangosonyeza fakitale imene inasula ndalamayo: D ndi Denver, S ndi San Francisco, P ndi Philadelphia, pomwe W ndi West Point. Zopanda chilembo zisakudabwitseni, chifukwa Philadelphia inayamba kuika P pa quarter mu 1980, komanso kuyambira 1965 mpaka 1967 mafakitale onse sankaika chilembo.

Chimene chimakweza mtengo ndi chilembo pamodzi ndi chaka, pakuti ziwirizi ndizo zimasonyeza ngati ndalamayo inasulidwa yochepa. Mu 1932, chaka chimene mutu wa George Washington, pulezidenti woyamba wa America, unayamba kuoneka pa quarter, Denver inasula 436,800 zokha ndipo San Francisco 408,000, pamene masiku ano Denver imasula mamiliyoni mazanamazana pachaka. N'chifukwa chake otolera ndalama zakale amalimbirana ya D ya 1932, koma ya D ya 1995 imangokhala masenti 25 omwewo. Zolembedwa 1776–1976, zimene zimanamiza ambiri, zinasulidwa zoposa biliyoni imodzi. Za W za 2019 ndi 2020 muzipatule, popeza mtundu uliwonse unasulidwa mamiliyoni awiri okha.

Ine ndikanayamba ndi kuyang'ana zaka, chifukwa mwayi weniweni m'chitini chotere umakhala pa siliva. Quarter za 1964 kupita m'mbuyo zili ndi siliva magawo 90 pa 100 alionse, ndipo ngakhale zitaperepeseka, mtengo wa siliva yekhayo umaposa masenti 25 kutalitali. Igwireni chammbali n'kuyang'ana m'mphepete mwake: ya siliva imayera ponseponse, koma yatsopano imaonetsa kamzere kofiirira ka mkuwa. Pa sikelo, ya siliva imalemera magalamu 6.25, inayo 5.67. Pa zasiliva za 1932 mpaka 1964 chilembo chili kumbuyo, pansi pa chiwombankhanga, pomwe kuyambira 1968 chili mbali ya mutu.

Chonde musazikweche ndi phulusa, mchenga kapena mankhwala kuti ziwale, chifukwa timikwingwirima timene timatsalapo timagwetsa mtengo, ndipo ogula odziwa amazindikira msanga. Mukapeza ya 1932 ya D kapena S, dziwani kuti pali akamberembere amene amamata chilembo pa ya ku Philadelphia, motero wogula adzafuna kuti itsimikizidwe ndi mabungwe oyeza ndalama zakale ngati PCGS kapena NGC. Kosinthira ndalama zakunja kuno kwathu kawirikawiri salandira zachitsulo, choncho zotsalazo mungopatsira wachibale amene akupita ku America.